Tsiku limene anandikumbira manda ndili moyo

Kumanda a kwathu kuli mtumbira umodzi umene ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali. Munagona thunthu la nthochi, ndipo ndinalisenza ndekha.

Matipate atangoyamba kumene, ku Likhubula kunabwera mzungu wa ku Ireland, a Fintan. Ankati kale ankaimba nyimbo zaphokoso m'mizinda yakunja, mpaka khutu limodzi linagontha, ndiye anayamba kulemba zisudzo. Ine ndinali wonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Nditawasenzera gitala mpaka ku Chambe, pamwamba pa phirilo, anandiuza kuti ndili ndi nkhope ya zisudzo. (Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuyamikira.)

Sewero lawo linali la munthu wonyamula katundu amene wamwalira, anzake n'kumuperekeza ndi nyimbo za gitala monga achitira ku Ireland kwawoko. Ine anandipatsa mbali ya malemuyo. Malamulo awo anali awiri: aliyense agwiritse ntchito dzina lake lenileni, ndipo pasapezeke wosiya kusewera iwo asanakhwatche gitala.

Tsiku loyeserera, pabwalo la nyumba imene ankakhala, ndinafuna kuonetsa kuti ndine katswiri. Ndinawauza kuti maliro opanda masamba pamsewu si maliro. Ndinathyola nthambi ndi manja angawa n'kuziyala pamsewu, uku ndi uko. A Fintan anasangalala, nalemba m'kabuku kawo. Kenako ndinagona pamphasa, anandifunditsa chitenje, azimayi a m'gulu lathu n'kuyamba nyimbo za maliro.

Bambo wina wa panjinga ataona masambawo anatsika, navula chipewa, n'kufunsa kuti watisiya ndani. Mayi wina wa m'sewerolo, posafuna kuphwanya lamulo, anayankha akusisima kuti ndi bambo a Esinati. Ndine amene. Pansi pa chitenjecho ndinamva, ndipo ndinanyadira kuti sewero lagwira.

Tinabwereza kanayi, dzuwa n'kufika pamutu. Mapazi ankangochuluka pabwalo. Kenako ndinamva kulira kumene sikunali m'sewero.

Anali amayi anga. Mayi amenewa anathawa nkhondo ku Mozambique atandigwira dzanja, bambo anga n'kutsala konko osaikidwa m'manda ndi m'bale aliyense. Anagwada pamutu panga, akulira m'Chilomwe, akuti anandiwolotsa mtsinje wa Muloza kuti ine ndidzawaike iwo.

Apa munthu wanzeru akanadzuka. Ine ndinagonabe, kudikira gitala. Manyazi anali atandigwira kale, ndipo ndinkaganiza kuti gitala ikalira, mlandu ukhala wa mzungu. Koma a Fintan, khutu logontha lija lili kwa ife, ankangogwedeza mutu, kudabwa kuti mayi waluso chotere tamupeza kuti.

Amayi anavundukula chitenje kuti andione komaliza. Tinayang'anana.

"Mwaswera bwanji, amayi?" Ndi zokhazo zimene zinatuluka pakamwa panga.

Azimayi obwera ndi ufa ndi nkhuni anabalalika. Amayi sanathawe. Anandigwira pachipumi, anandigwira pachifuwa, kenako anadzuka n'kumanga bwino chitenje chawo.

Amalume, amene sachedwa pa chilichonse, anali atatuma kale adzukulu, ndipo dzenje linali litafika m'chiuno. Manda okumbidwa kale sawasiya opanda kanthu. Ndinadula nthochi, ndinaisenza mudzi wonse ukuonerera, a Fintan akunditsata chipewa chili m'manja. Anapepesa kwa amayi atagwada, m'Chichewa chothyokathyoka, ndipo amayi anawakhululukira pompo, poti mlendo sadziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Ine ndinkalidziwa.

Sewerolo linakaonetsedwa ku Blantyre, malemu ali munthu wina. Ndinamva kuti a Fintan anawonjezamo mayi wofika mochedwa, ndipo mbali imeneyo ndi imene inaliza anthu.

Amayi anakhala mwezi osandiyankha moni. Tsiku lina ndinawapeza akusankha nandolo pakhonde, ndinakhala pansi n'kupepesanso.

"Ine ndinalira kale, mwananga," anatero osadzutsa mutu. "Tsopano uonetsetse kuti wandiika ndiwe. Kawiri sindingathe."

Ndinawaika chaka chatha, pafupi ndi nthochi ija. Masamba pamsewu ndinayala ndekha.