Tsiku limene ndinamwetsa madzi njinga yamphepo

Apongozi anga aamuna akabwera ku Lusaka masiku ano amakwera minibasi, ngakhale ndiwachonderere bwanji. Sindiwaimba mlandu.

Ndimakhala ku Matero, ndipo ntchito yanga ndi kuperekera anthu katundu pa njinga yamoto. Yangayo ndi yakale, ija injini yake ili ndi timapiko tachitsulo, yozizira ndi mphepo ikamathamanga. Mnzanga Mulenga anali atagula yatsopano ya radiyeta, yozizira ndi madzi, ndipo makutu athu sankapuma.

"Iwe, kwamene bapanga vinthu ivi malamulo ya utsi yalimba," ankatero. "Injini ya manzi siipya maningi, itentha mafuta bwino, utsi ung'ono. Yako iyi bazaleka kupanga."

"Yanga ilibe paipi yodontha," ndinkayankha. "Makaniko aliyense wa pansi pa mtengo aikonza."

Mu Okutobala apongozi anabwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu wawo woyamba. Kuyambira kale ankakayika ngati munthu wa njinga angasunge mwana wawo, ndiye ndinafuna aone okha. Mulenga anati nditenge njinga yake. Ndinakana (kunyada kwina kumafanana ndi matenda).

Ndinawatenga kusiteshoni masana, thumba la mtedza titamanga kumbuyo. Mu msewu wa Lumumba tinalowa m'jamu, malole uku ndi uku, popanda podutsa. Njinga yodalira mphepo ikaima, mphepo ichokera kuti? Miyendo inayamba kuwotcha, injini inalira ngati muli timiyala, kenako zii.

Mayi wina wobereka mwana ankagulitsa madzi ozizira a m'timapulasitiki. Ndinagula, ndikuboola ndi mano.

"Atate, musade nkhawa," ndinatero, "iyinso imamwa madzi."

Ndinathira pamutu pa injini. Nthunzi inati fwaa, ndipo mkati munamveka kuti the! (Ndinamva bwino lomwe, koma ndinachita ngati ndi lole ya pambali.) Nditaponda kiki inalira, koma utsi wabuluu umene inatulutsa sindinauonepo. Apongozi anatsokomola mpaka misozi. Mayi uja anaphimba nkhope ya mwana wake ndi chitenje.

"Ba bosi, mufuna kutipaya?"

Njinga inazimanso, osadzukanso.

Tinayenda wapansi mpaka ku Matero, ine ku mahandulo, apongozi akukankha kumbuyo atavala jekete lawo la kutchalitchi. Njira yonse analankhula kamodzi kokha.

"Mwananga, kwathu ng'ombe ikatopa timayamba taiika pamthunzi."

Makaniko anapeza mutu wa injini utang'aluka. Chitsulo chotentha sichifuna kudzidzimutsidwa.

Zaka zonsezi utsi ndinkausiya kumbuyo, osaona amene akuupuma. Tsiku limenelo ndinaima nawo pamodzi. Mwina opanga malamulo aja sakudana ndi ife osauka monga ndinkaganizira, ngakhale sindikudziwa kuti njinga za radiyeta zikadzadzaza komboni adzazikonza ndani.

Yangayo ndinaiika mutu wina wakale, ndipo Mulenga ndimakanganabe naye. Koma mkazi wanga anakhazikitsa lamulo lake osadikira boma: njinga isalire pafupi ndi zenera la mwana wathu Taonga. M'mawa uliwonse ndimaikankha mpaka pakona, aneba akusesa pakhomo.

"Bashi Taonga, yafa futi?"

Ndimangoti eya. Kufotokoza kungatalike.