Ndinakwatitsa Bambo Anga pa Kompyuta ya ku Mishoni

Rozina ndi Matilida,

Andisankha ine. Ndayamba ndi mapeto chifukwa iwe Matilida kalata ikatalika sumaliza. Pa atsikana awiri amene takhala tikuyesedwa tchuthi chonsechi ku ofesi ya mishoni, wotsala pa kompyuta ndine, Loweruka lililonse mpaka nditamaliza Fomu 4, ndipo mawa Misa ikatha ndikaima pamaso pa akuluakulu a mpingo kuwaonetsa mmene imagwirira ntchito. Koma njira imene ndadzera, anzanga, ndi yofotokoza munthu atafunda chitenje kumutu. Kalatayi ndapatsira amalume akupita ku msika wa Mayani, ndiye ikakupezani mudziwe kuti lero sanaiwale khadi lawo la chipani pakhomo n'kubwezedwa pachipata.

Mumve kaye za makinawo, poti simunawaonepo. A Bulazala Tomasi, amene amayang'anira ofesiyi, anabweretsa kompyuta yaikulu imodzi, timaitcha mayi wake, imakhala pakona n'kumang'ung'udza tsiku lonse, ndi tiana take tiwiri tolumikiza ndi nthambo. Pakamodzi pamakhala ine, penapo Sesiliya wa ku Mphunzi, mnzanga wopikisana naye, uja sanalakwepo chibadwire. Ntchito yathu ndi kukopera mabuku akale a ubatizo kulowetsa m'makinamo. Mkhristu aliyense ali ndi nambala yake. Muli mndandanda wa obatizidwa, wina wa maukwati, wina wa makolo ndi ana awo, ndipo yonseyi ndi yolukana ngati mphasa, ukasolola bango limodzi enawo amagwedezeka. Aliyense amalowa ndi dzina lake ndi mawu ake achinsinsi. A Bulazala ananeneratu kuti tchuthi chikatha atsala ndi mtsikana mmodzi, ndipo ine malo amenewo ndinkawafuna kuposa nsapato za Khirisimasi.

Lachinayi a Bulazala anapita kuboma kukagula mapepala, Sesiliya anatuluka kukadya, ine n'kutsala ndekha. Cholinga changa chinali chabwinobwino. Ndinkafuna kuona ngati Fabiano, uja woimba ng'oma mukwaya, musanamizire kumuiwala, si mbale wanga, poti azakhali amati aliyense wa kuseri kwa phiri ndi magazi athu. Kodi kufufuza chibale ndi tchimo? Ndinayang'ana kukhomo, ndinasuzumira pawindo, monga tonse tinaphunzirira kuti masiku ano usanatsegule pakamwa umayamba wacheuka. Kumbuyo kunalibe munthu. Za kutsogolo kwanga ndiye sindinaziganizire.

Ndinalemba dzina lake, anatuluka. Wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, mayi ake a ku Ntcheu, chibale palibe ngakhale cha nkhuku. Munthu wanzeru akanatseka pomwepo n'kupita kukadya kachewere wake. Ine ndinatsegula mndandanda wa maukwati, umene anatiletsa kuukhudza, ati ndingoyeserera kuti tsiku lodzatiphunzitsa ndidzakhale patsogolo pa Sesiliya. Umangolemba nambala ya mwamuna ndi nambala ya mkazi, mayina amabwera okha. Nanga ndikanayesera pa nambala za ndani? M'mutu mwanga munali ziwiri zokha. Makina anafunsa ankhoswe, ndipo salola kupitirira mpata uli wosadzaza, ndiye mbali yake ndinaikapo akatekisiti athu a Mbewe, mbali yanga a Sisitere a kukhitchini. Zinaoneka bwino, musandifunse. Zilembo zobiriwira, Fabiano uku, Velonika Kamwendo uku, zowongoka ngati mizere ya m'dimba.

Ndikumwetulira choncho ndinamva mapazi pakhonde. Mwachangu ndinalemba Kamwendo n'kudina batani lofufutira, makina anandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza, ndinavomera ndisanawerenge. Mapazi aja anali a bambo obweretsa nkhuni, anadutsa osayang'ana n'komwe. Kubwerera pagalasi, ukwati wanga ndi Fabiano uli chikhalire. Umene unachoka unali wa Kamwendo woyamba pamndandanda, bambo anga ndi amayi anga. Banja la ana asanu ndi mmodzi, lopirira njala ndi chisanu, ndinalithetsa ndi chala chimodzi.

Sindinalire, ndinati ndibwezeretse. Bambo ndinawapeza mosavuta, Aloyizio Kamwendo alimo mmodzi yekha. Amayi ndi a Mariya Nankhoma. Kodi mukudziwa kuti muparishi muno a Mariya Nankhoma alimo anayi? Ine sindinkadziwa. Ndinatola oyambirira osaona mudzi, n'kuwamanga ukwati. Kenako ndinati nditsegule dzina langa ndione ngati zalukana bwino, ndipo zinalukanadi. Ine ndi abale anga asanu tinali tasanduka ana a akazi a akatekisiti.

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti tsiku loyamba a Bulazala ananenapo za buku la mapazi, limene mayi wake amalemba yekha ndipo amatsegula ndi iwo okha. Tsikulo ndinkamva ndi khutu limodzi, maso ali pa zilembo zobiriwira. M'malo mokonza mabanja a anthu, ine ndinati ndiyambe ndasesa mapazi anga. Ndinatuluka, n'kulemba dzina la a Bulazala, n'kuyamba kulosera mawu awo achinsinsi. Ndinayesa kasanu ndi kanayi. Kachisanu ndi chinayiko makina analira kamodzi n'kunditsekera kunja, ngakhale dzina langa lomwe analikana.

Ndiye ndinachita chimene tinkachita ndi sileti ku pulayimale. Ndinazula nthambo ya magetsi kuti aiwale, n'kuwafunditsa chitenje changa. Sesiliya atabwera ndinamuuza kuti atentha, akupuma. Kumeneko ndinazimitsa kamwana kokha, mayi wake ali pakona akung'ung'udzabe, zonse zili m'mimba mwake. Paja amati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lachisanu m'mawa anafika akatekisiti a Mbewe kudzatenga pepala la maukwati atsopano oti alengeze Lamulungu. Bambo amenewa makinawa sanawakondepo chiyambire. A Bulazala anadina, pulinta inakuwa ngati nkhumba yomangidwa, pepala linatuluka ndi maukwati awiri. Akatekisiti anavala magalasi awo omanga ndi ulusi aja, anawerenga, anavula, anapukuta, anawerenganso.

"A Bulazala," anatero mofatsa, "akazi anga ndawasiya kunyumba akutongola chimanga m'mawa uno. Akwatiwa liti?"

A Bulazala anatenga pepalalo n'kuliyang'ana.

"Ndinanena ine," anapitiriza akatekisiti. "M'buku langa munthu akafufuta dzanja lake limaoneka, inki imamuulula. Nanga umu atiuze ndani? Lero chakwatitsa akazi anga, mawa chibatiza mbuzi. Bwezerani chinthuchi m'bokosi mwake, atsikanawa apite kwawo, tibwerere ku mabuku."

Mwamva? Tsopano sanali malo anga okha, makina onse amapita. Sesiliya anayamba kulira kuti iye sanakhudze kanthu. Ine, dzina langa lili papepala poyera, mukudziwa chimene ndinanena?

"Mwina ndi magetsi, a Bulazala. Dzulo anaphethira."

"Magetsi ake ndi odziwa kusankha mnyamata," anatero a Bulazala. "Khalani pansi nonse."

Analowa ndi dzina lawo, n'kutulutsa pepala lina, lalitali mpaka kukwekwereza pansi. Ili ndilo buku la mapazi lija. Ine ndinkayesa kuti limangolemba kuti wakuti walowa, wakuti watuluka, ngati buku la alendo. Ayi ndithu. Mzere uliwonse uli ndi nthawi, dzina la munthu, kamwana kamene anakhalapo, chimene anaona, chimene anasintha, mmene chinalili kale ndi mmene wachisiyira. Anayamba kuwerenga ndi mawu awo a kalata yoyamba ya pa Misa aja.

"Thwelofu koloko itapitirira ndi mphindi zisanu, Velonika, waona Fabiano. Patapita mphindi ziwiri, Velonika, waonanso Fabiano. Patapita mphindi imodzi, waonanso."

"Kachitatuko ndinkaona mudzi wokha," ndinatero.

Ndinadziulula ndekha, asanafike n'komwe pa ukwati.

Anapitiriza osadumpha mzere. Ukwati walembedwa. Ukwati wa makolo wafufutidwa. Ukwati wina walembedwa. Kenako dzina la a Bulazala kasanu ndi kanayi, kukanidwa konseko, kuchokera pa mpando wa Velonika.

"Unkayesa mawu anji, mwana iwe?" anafunsa akatekisiti.

"Mayina a oyera, aphunzitsi. Tomasi, Yosefe, Petulo, Kizito."

"Onse anakukana?"

"Lomaliza ndinalemba nyemba."

"Chifukwa?"

"Amazikonda."

A Bulazala anayang'ana kudenga kwa nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kukonza, kuchokera pa mzere womaliza kubwerera m'mwamba, poti pepalalo linkawauza mmene chilichonse chinalili ndisanachikhudze. Anamasula akazi a akatekisiti, anabwezera amayi anga kwa bambo, ife ana tonse tinabwerera kwathu. Atafika pa wanga anaima, chala chili pabatani.

"Uwu nawo tiuthetse, kapena tidikire ankhoswe?"

"Nkhoswe ndine, ndipo sanandiuze," anatero akatekisiti. "Thetsani."

Ndinadziwa kuti zanga zatha, ndinayamba kupinda chitenje changa. Koma akatekisiti anapempha pepala lalitali lija, analiyala patebulo, n'kumalitsata ndi chala ngati akufuna nsabwe.

"Kodi inuyo a Bulazala, zimene mwakonza pano zalembedwanso?"

"Zalembedwa, ndi dzina langa."

"Simungafufute?"

"Ndikalikhudza amalemba kuti ndalikhudza."

"Ngakhale a Bambo Mfumu?"

"Ngakhale iwo."

Kenako akatekisiti anati, "Ndiye kuti likuposa buku langa, chifukwa langa silinena nthawi. Chikhale chinthuchi. Koma pepala losawerengedwa n'chimodzimodzi kulibe. Pakhale munthu woliwerenga Loweruka lililonse, akaona zachilendo azindiuza."

A Bulazala anayang'ana kwa Sesiliya, nanenso ndinayang'ana kwa Sesiliya.

"Uyo ayi, ndi mwana wabwino, sangadziwe kuti wolakwa amadzera pati," anatero akatekisiti. "Uyu. Mbuna zonse za m'menemu wagwamo kale, akudziwa pamene zili."

A Bulazala anavomera, ati pa tchuthi chonsechi ndine ndekha ndinaganiza zotsegula mndandanda wina kuti ndione zimene ndaononga mu unzake, ndipo nzeru yake ndi imeneyo, kungoti ndinaigwiritsa ntchito mobwerera. Sesiliya amutenga a Sisitere ku laibulale, kumene akuti ankakufuna kale. Chilango changa chinali kusesa bwalo la tchalitchi sabata yathunthu, ndi kukaulula ndekha kunyumba.

Ndinaulula madzulo omwewo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi.

"A Nankhoma ake ati?"

"Akazi a akatekisiti, bambo."

"Bola andibweza msanga. Mayi amene uja amayambitsa korona tambala asanalire."

Amayi sanatukule mutu pa nyemba zimene ankasankha. "Akanakusungani konko sabata imodzi, bambo a Velonika, ndipumeko."

Za Fabiano sanafunse, kutanthauza kuti akusunga.

Lero ndiye linali Loweruka langa loyamba. A Bulazala anditulutsira mapazi a tchuthi chonse kuti ndiphunzirirepo, ndawerenga ndi rula mzere ndi mzere, zala zitauma ndi chisanu. Muli zambiri. Ndaona pamene ndinkalakwitsa zaka za anthu sabata yoyamba, ndaona kuti a Bulazala eniake anaiwalapo mawu awo achinsinsi kawiri. Ndipo ndapeza kuti sabata zapitazo, ine ndisanalote n'komwe, munthu wina anaona Fabiano kasanu. Ndinalonjeza kusunga chinsinsi cha ntchito, ndiye dzina sinditchula. Ndingokukumbutsani kuti a Bulazala ndi munthu wa Mulungu, ndipo tiana ta makinawa ndi tiwiri.

Ine zoyeserera ukwati pa makina a eni ndasiya. Ndikadzafuna kudziwa za mnyamata ndizikafunsa pamjigo, kumene mawu amauluka ndi mphepo ndipo mawa aliyense amakana.

Bwerani mawa, musalephere. Ndi m'holo, Misa yachiwiri ikangotha, ndipo mufulumire chifukwa mabenchi ndi ochepa. Chitsanzo chowaonetsa akuluakuluwo ndi pepala langa lomwe lija, akatekisiti akana kuti tipeke lina, ati mpingo sunamizidwa, ndipo woliwerenga mokweza ndine. A Bulazala amata timapepala pa mayina, koma timapepala take ndi topyapyala, ndiye musakhale kumbali ya windo kumene kumawala dzuwa. Mukhale kutsogolo kuti ndizikuonani. Amene aseke ndimulemba, dzina ndi nthawi yomwe.

Ndine wanu,
Velonika