Tsiku Limene Ndinawiritsa Pulotini ya Madamu

Ndikamadutsa pa sukulu ya sekondale ya kwathu kuno ku Mangochi ndimapalasa njinga mofulumira, maso ali pansi. Ana asukulu amandidziwa, ndipo sandidziwira zabwino. Bola ndikuuzeni ndekha mmene zinayendera, chifukwa mukakamva kwa mkazi wanga, Abiti Saidi, nkhaniyi ikakupezani itanenepa.

Ine ndimakonza mainjini a maboti, ndipo kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda ka lendi. Chaka china munalowa mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Tiyamike, amene anabwera kudzaphunzira ntchito yauphunzitsi kwa miyezi itatu. Tinkangomuti Madamu. Anali waulemu kwambiri, ndipo ine munthu akachulutsa ulemu ndi pamene ndimayamba kumukayikira (khalidweli sindilinyadira, koma ndi langa).

Sabata yachiwiri anandipempha waya wofewa. Ndinamupatsa. Kenaka anabwera ndi mikanda yamitengo yodzaza kathumba, n'kumaipaka utoto wosiyanasiyana. Kenaka anayamba kutolera maginito a mumawailesi akufa. Mpaka apa ndinkangoyang'ana ndi diso limodzi. Koma tsiku lina masana ndinamva fungo la tsitsi lopserera likuchokera kuseri, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti tsitsilo anapempha kwa Abiti Saidi, lotsalira m'chipeso.

"Inu munam'patsa tsitsi lanu?" ndinafunsa.

"Wati ndi zakusukulu."

"Sukulu yanji yootcha tsitsi la anthu?"

"Bambo a Hawa, musiyeni mwana wa eni ake," anatero, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Chinthucho chitayamba kuoneka, mtima wanga unakana. Chinali waya wautali wotungidwa mikanda, wopindidwapindidwa ngati matumbo a mbuzi, kukula kwake ngati dzungu. Pena panali popotana, pena polumikizidwa ndi mapini, pena pomatidwa ndi phula la kandulo. Ndipo Madamu ankachilankhula. Ndinamumva ndi makutu angawa ali pakhonde: "Valini, lowa mkati. Lusini, nawenso mkati. Serini, iwe khala kunja." Ndinaganizira mabanja onse amene ndikuwadziwa kuyambira ku Namwera mpaka kunyanja, sindinapeze mwana wa maina amenewo. Ndinatsimikiza kuti ndi maina a majini.

Sabata yomweyo msana wanga unayamba kuwawa, moti kuti ndiweramuke ndinkachita kugwira khoma.

Lachitatu kunabwera Che Mdoka, msodzi wa ku Nkhudzi, ndi injini yake yokana kulira. Ndinamukokera pambali n'kumufotokozera zonse. Anakasuzumira yekha pakhondepo, ndipo anabwerako akuyenda chafutambuyo.

"Achimwene, mikanda iwiri yagwirana yokha ine ndikuona," ananong'ona. "Msana wanu unayamba liti?"

"Atayamba kupinda wayayo."

"Basi. Akamapinda uko, akupinda inu. Wongolani chinthucho, muchiwiritse ndi mchere wambiri. Mukachedwa mudzayenda ndi mphuno pansi."

(Che Mdoka si sing'anga, si shehe, ndipo injini yake inali itangotha mafuta. Zimenezi ndinayenera kuziganizira.)

Lachinayi m'mawa Madamu anapita kusukulu, chinthucho atachisiya pakhonde kuti utoto uume. Abiti Saidi anali kumsika. Ndinavala magolovesi a ntchito, ndinachinyamula ndi ndodo, n'kuchiponya m'chitini cha madzi owira momwe ndinathira mchere wodzaza manja awiri. Phula lija linasungunuka, utoto unasuluka, madzi anasanduka ngati a m'ngalande. Nditachivuula ndinazula mapini onse, ndinaponda mbali imodzi n'kukoka inayo mpaka wayayo anawongoka ngati chingwe choyanikira zovala. Ndinamupachika pampanda. Ndikuuzeni zoona, nthawi yomweyo ndinamva msana ukupepuka. Ndinayenda pabwalo ndikugwedeza mapewa ngati mnyamata.

Madamu anafika masana limodzi ndi Abiti Saidi, amene anakumana naye pamsewu. Atayang'ana pakhonde, kenaka pampanda, sanakuwe. Anaika mabuku pansi, n'kukhala padothi ndi siketi yake yakuntchito.

"Bambo, ndi inu mwachita zimenezi?"

Ndinayankha mwamphamvu, poti ndinali nditakonzekera. "Ndi ine. Ndipo undiuze, Valini ndi ndani?"

Madamu anagwira kumutu. Kenaka anayamba kuseka uku misozi ikutsika, kuseka kosakoma kuja.

"Mawa kukubwera aphunzitsi anga a ku yunivesite kudzandiona ndikuphunzitsa," anatero. "Phunziro langa lonse linali pa chinthu chimenechi. Ndachipanga masabata atatu. Ndikalephera mawa ndibwereza chaka."

Apo msana unabwerera pamalo pake, ululu wonse uli momwemo.

Abiti Saidi sanandikalipire. Anangotulutsa mphasa, anaika zitini za utoto patsogolo panga, n'kunena kuti, "Khalani pansi. Injini za anthu zidikira."

Ndiye ndinakhala pansi, bambo wa zidzukulu zinayi, ndikupaka mikanda utoto, Madamu akundiuza chochita. Anati mnofu wa chambo, tsitsi, ngakhale zikhadabo, zonse zili ndi mapulotini. Pulotini ndi mndandanda wautali wa tizidutswa totchedwa ma amino asidi, ta mitundu makumi awiri, ndipo maina ndinkawaopa aja ndi a tizidutswato. Mndandandawo sugwira ntchito uli wowongoka. Umayenera kudzipinda, ndipo sudzipinda mwachisawawa.

"Yachikasuyi, monga Valini ndi Lusini, siigwirizana ndi madzi. Imathawira mkati n'kuunjikana kumeneko. Yobiriwirayi imakonda madzi, imakhala kunja."

"Nanga yogwirana yokha ija?"

"Ndinaikamo maginito. Wofiira ndi wabuluu ali ndi mphamvu zosiyana, ndiye amakokana. Mukaika ofiira awiri pafupi, akankhana."

Mapini aja, anati, ndi pamene tizidutswa tiwiri tokhala ndi chinthu chotchedwa salifa tagwirana zolimba. M'tsitsi muli tambiri totere, n'chifukwa chake likapsa limanunkha choncho, ndipo ankangoyeserera zokaonetsa ana. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mkanda wa kumayambiriro kwa waya ndi wina wa kumapeto kwenikweni, akapinda amapezeka ayandikana, ndipo ndi iwo amene akugwira chinthu chonsecho. Ndinayesa kukankhira wachikasu umodzi kunja kuti tifulumire. Anandimenya kadzanja.

"Umodzi wokha ukakhala polakwika, bambo, maonekedwe onse amasintha."

Pofika nthawi ya swala ya madzulo tinali titapinda theka lokha. Theka linalo linkalendewera, lowongoka ndi losuluka. Madamu analiyang'ana, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Mwina tisiye choncho. Pulotini ikatenthedwa imamasuka chimodzimodzi, ngati dzira likaphikidwa. Ana aona mbali yabwino ndi mbali yowonongeka. Koma pafunika munthu wogwira kumchiraku."

"Alipo," anatero Abiti Saidi, osandiyang'ana n'komwe.

Lachisanu ndinaima kutsogolo kwa kalasi ya Fomu 3 nditavala mkanjo wanga wopita nawo ku mzikiti, nditagwira mchira wa pulotini. Kumbuyo kunakhala mayi wamagalasi wa ku yunivesite, akulemba. Madamu anaphunzitsa bwino, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti ndituluka ndi ulemu wanga. Kenaka mtsikana wina wakutsogolo anakweza mkono.

"Madamu, mbali iyi munaiwiritsadi, kapena mwangoiwongola?"

"Inawiritsidwadi."

"Anawiritsa ndani?"

Madamu anakhala chete, akufuna kunditeteza. Koma mayi wamagalasi uja anali atasiya kulemba, ndipo ndinaona kuti chete ameneyu amuwonongera mwanayo. Ndinakonza kukhosi.

"Ndine. Ndinathiramonso mchere."

"Chifukwa chiyani, agogo?"

"Ndinkaganiza kuti Valini ndi jini."

Kalasi yoyandikana nayo inachita kutumiza munthu kudzafunsa chimene chachitika. Mayi wamagalasi anavula magalasiwo n'kumapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Belu lisanalire ndinali nditapatsidwa dzina, ndipo pofika madzulo linali litafika kudoko: Che Valini.

Madamu anakhoza. Potsanzika anandigwira dzanja ndi manja awiri, koma kiyi wa chipinda anapereka kwa Abiti Saidi. Che Mdoka nditamufunsa, anati iye anangopereka maganizo, wowiritsa ndinali ine.

Panopa m'kachipindamo mukukhala mphunzitsi wina, mnyamata wa ku Chiponde, amene amasunga nkhungu ya pazakudya zovunda m'mabotolo n'kumailemba masiku. Ulendo uno ndinachita zinthu mwaulemu. Ndinagogoda, ndinafunsa, ndipo anandifotokozera kwa ola lathunthu, ine ndikugwedeza mutu. Ndinamva zonse, ndipo ndikuvomereza kuti ndi sayansi. Komabe nsapato zanga ndasiya kuzivula pakhonde, pomwe iye angazifikire.