Tsiku Limene Ndinafunditsa Chambo Juzi

Anzanga inu, khalani pansi kaye, chifukwa nkhani ndili nazo ziwiri, yabwino ndi yonunkha, ndipo sizisiyana ayi, zinabwera m'chikwama chimodzi!

Yabwino ndi iyi: ndinapambana! Ine Tadala wa Fomu 3, mwana wa mlimi wa fodya wa kuseri kwa Mitundu, nambala wani! Mukukumbuka chimangirizo chija cha mitengo ya ku Dzalanyama, chimene ndinalemba ndikudandaula kuti cholembera chikutha inki? Chomwecho. Mphoto yake inali ulendo wa masiku awiri pa sitima yapanyanja, atsikana asanu ndi mmodzi ochokera m'sukulu zosiyanasiyana, ndipo satifiketi anatipatsira m'sitima momwemo, madzi uku madzi uku, anthu osatidziwa n'komwe akuwomba m'manja. Ine amene madzi aakulu ndinkawadziwa ndi a kudambo kwathu mvula ikagwa masiku atatu!

Tsiku lonyamuka amayi sananene zambiri. Anangondikonza kolala n'kuti, "Iwe Tadala, ine ndakalamba ndi usipa wouma wa pamsika. Ukandibweretsere chambo chimodzi chokha, chachiwisi, ndidzachione ndi maso anga chisanaume."

Bambo ali pakhonde anawonjezera kuti, "Usaiwale mwanawe. Mayi akowa anayamba kulota chambo chimenechi tsiku limene ndinawakwatira, ine ndalephera, watsala ndiwe."

Ndiye mwamva, eti? Ntchito yanga inali imodzi basi. Chambo chimodzi, chifike kwa amayi.

Za m'sitima ndidzakufotokozerani tsiku lina, n'zambiri. Nkhani yanga ikuyambira m'mawa umene tinaima pa doko la Monkey Bay, mwezi wa Okutobala, dzuwa litangotuluka koma likuwotcha kale ngati lakwiyira munthu. Amene ankatiyang'anira anali a Madamu Nyirenda, mphunzitsi wathu wa jogalafe, iwo ndi akunyanja, anakulira m'bwato. Anati, "Atsikana, minibasi yathu inyamuka thu koloko. Kufikira nthawi imeneyo tawuniyi ndi yanu, muone, mudye, koma musasowe."

Palibe anandiuza kuti ukatsika sitima, sitimayo imatsalira m'miyendo. Nditangoponda pansi chonchi, dziko lonse linapendekeka! Ndinaponya mwendo kumanja, nthaka inathawira kumanzere, kenaka ndinangozindikira ndagwada, maondo onse awiri pansi, pamaso pa bambo ena aatali ovala ovolosi amene ankakoka chingwe. Nanga ndikanatani? Ndinangowomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?"

Bambo aja anasiya chingwe, navula chipewa. "Ndadzuka bwino, mayi. Koma ndiye ana a ku Lilongwe mwambo ulipo!"

Shamimu, mnzanga wa paulendowu, amene makolo ake ali ndi golosale pa Nathenje, anaseka mpaka anakhala pa chikwama chake. Ine ndinadzuka, ndinasasa fumbi, ndinati mumtima zoipa zatha, zatsala zabwino.

Titangotuluka pageti ndinachiona. Abale inu, chambo! Chili pa tebulo, chonyezimira, maso ali mbee, chachikulu ngati mbale ya alendo. Inu mukudziwa mmene zimakhalira pa msika wa Mitundu, ukachedwa umapeza tomato wophwanyika yekhayekha. Ndiye ndinati ayi, ine sindipusa, ndigule pompano anzanga asanaone. Ndinatsalira m'mbuyo mwakachetechete.

Ogulitsawo anali amayi ena ojintcha, atavala chipewa cha mlaza. Anati, "Ukupita nacho kuti, mwanawe?"

"Ku Nathenje, amayi."

"Nthawi yanji?"

"Thu koloko."

"Ndiye ubwere thu koloko, nsomba sizitha kuno. Kapena bweretsa ndikutumbulire, ndichotse zam'mimba, ndikumangire luzi uzichilendewetsa chizipitidwa mphepo."

Kutumbula? Chambo cha amayi anga chikafike chong'ambika pamimba ngati chachita ngozi? Komanso ine, yunifolomu yosita, nambala wani wa chimangirizo, ndiziyenda m'tawuni ndi nsomba pa chingwe? Ndinakana mwaulemu. Pajatu kwathu chinthu chamtengo wapatali timachifunditsa. Fodya timamufunditsa, mbewu timaifunditsa, khanda timalifunditsa. Ndiye ndinachiika m'jumbo, ndinamanga, jumboyo m'jumbo ina, ndinamanganso, kenaka ndinachikulunga ndi juzi yanga ya sukulu, yaubweya ija, kuti dzuwa lisachione. Ndinachigoneka pansi penipeni pa chikwama, pambali pa satifiketi, zinthu zanga ziwiri zofunika zikhale pamodzi.

Amayi aja anapukusa mutu. "Ana asukulu inu mumadziwa zambiri."

Ine ndinati, "Zikomo, amayi." Ndinkayesa akundiyamikira!

Koma tsikulo linakoma, ndisaname. A Madamu anationetsa malo amene amakonzera sitima, maunyolo ake okula kuposa ntchafu yanga. Tinavula nsapato n'kulowa m'madzi mpaka m'maondo, madzi oyera oti umaona zala zako, ndipo tinsomba tabuluu tinkabwera kudzatinunkhiza miyendo, Shamimu akukuwa kuti tikumuluma. Tinaona usipa ukuyanikidwa pa mathandala aatali ngati bwalo la mpira, ndinati ohoo, ndiye kwanu ndi kuno, iwe amene watizunza chibadwire. Tinadya mango, tinadya tchipisi cha pachiwaya chothira tsabola, tinayamwa mafilizesi a malambe mpaka lilime linachita dzanzi.

Kenaka tinalowa mu lesitilanti ina yaing'ono, ya mipando yapulasitiki, momwe anatipatsa mpunga ndi chambo chokazinga, aliyense chake chathunthu. Aliyense chake, anzanga! Osati kugawana kamchira anthu asanu. Ndinadya mbali iyi, ndinatembenuza, ndinadya mbali inayo, mutu ndinausiya pambali mwaulemu. Eni lesitilanti atabwera kudzatenga mbale anaima, manja m'chiuno.

"Mutuwu wakulakwira chiyani?"

"Ndakhuta, amayi."

"Wadya minga ndi mnofu, chambocho wachisiya. Idya mutu, kuti udzabwerenso kunyanja."

Ndinadya mutu. Ndinayamwa ndi diso lomwe, ndikutsinzina. Ndipo kunena zoona, amayi aja sananame.

Fungo linayamba tikutuluka mmenemo. Poyamba linali laulemu, longodutsa. Kenaka ntchentche imodzi inatera pa chikwama changa, inapita kukaitana abale ake, ndipo pofika pa msika ndinali ndi ondiperekeza ambiri kuposa mkwatibwi. Shamimu anakwinya mphuno.

"Iwe Tadala, kodi chafa n'chiyani?"

"Ndi fungo la padoko," ndinatero ine, nkhope ili gwa. "Matawuni a kunyanja amatero. Suwerenga jogalafe?"

Mumtima ndinali n'kayikako pang'ono, koma ndinaganiza kuti mwina mphepo ikulowa. Ndiye mukudziwa chimene ndinachita? Ndinapita kuseri kwa mtengo n'kuwonjezera jumbo yachitatu!

Chomaliza a Madamu anatikweza kaphiri kuti tione doko lonse lili m'munsi. Kukongola kwake! Sitima yathu ikuoneka ngati kabokosi ka machesi. Ndinatula chikwama pa mwala kuti atijambule, ndikumwetulira bwinobwino, ndipo pa chithunzicho, mukadzachiona, kumbuyo kwanga kuli nyani wamkulu atagwira lamba wa chikwama changa. Ndinatembenuka, ndinagwira lamba winayo. Iye kukoka, ine kukoka, iye kundionetsa mano, ine kukuwa kuti, "Siya! N'cha amayi anga!" Mwadzidzidzi nyani uja anasendeza mphuno pa zipi, ananunkhiza kamodzi, anandiyang'ana m'maso, nasiya yekha. Anachoka akuyetsemula. Anzanga anandiwombera m'manja kuti ndine wolimba mtima. Ine ndekha ndinadziwa kuti chinthu chimene nyani wachikana, pali nkhani.

Pa siteji ndinapeza minibasi yathu itavala nsomba. Pa magalasi a m'mbali nsomba, pa mawaipa nsomba, zonse zotumbula, zomangidwa m'luzi, zikulendewera panja. Ndinamukodola Shamimu ndikuseka, "Taona anthu awa, ndiwo zawo akuzidyetsa fumbi!" Ine ndinalowa ndi changa, ndinakhala mpando wakumbuyo, chikwama pamiyendo, ndachikumbatira.

Anzanga, minibasi yodzaza, dzuwa la thu koloko, mawindo awiri osatseguka. Tisanafike patali anthu anasiya kucheza. Bambo ena anavula chipewa n'kutsekera pamphuno. Agogo ena anayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Tikuyandikira Golomoti, kondakitala anamenya denga kuti galimoto iime.

"Akuluakulu, tisanamizane. Muno muli chinthu."

Ine maso pawindo, ndikuwerenga mitengo ya malambe.

Pafupi nane panali mayi wina wachitsikana ali ndi khanda lonenepa, likugona mwamtendere. Kondakitala analoza. "Mayi, tamusinthani mwanayo thewera, tifa muno."

"Mwana wanga ndamusintha pokwera!"

"Ndiye mwamudyetsa chiyani?"

Anthu anayamba kuseka, ena kung'ung'udza kuti azimayi amasiku ano ukhondo unawathawa. Mayi uja maso anadzaza misozi, anayamba kumasula mwana kuti aonetse anthu. Khandalo linadzuka, linandiyang'ana ine, ndipo linamwetulira, kakamwa kopanda dzino n'limodzi lomwe. Aaa, ayi. Nyani ndinalimbana naye, koma apa ndinagonja. Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi.

"Pepani, mwanayu alibe mlandu. Ndi ine."

"Ndi iwe?" anatero kondakitala, akubwerera m'mbuyo.

"Ayi, osati ineyo! Chikwama!"

Tinatsika tonse. Ndinamasula juzi pamaso pa anthu, jumbo yoyamba, yachiwiri, yachitatu itafufuma ngati mpira. Chimene chinali mkatimo sindichifotokoza, ena mwa inu mukudya. Ndingoti maso aja anali mbee m'mawa tsopano anali atalowa mkati, ndipo msuzi wake unali utayenda chikwama chonse. A Madamu anagwira pakamwa.

"Tadala, wagula nthawi yanji?"

"Seveni koloko, Madamu."

"Osatumbula? N'kuchifunditsa juzi? Mwana wanga, unkafuna chiswe mazira?"

Minibasi yonse inagwa nacho chiseko, dalaivala mpaka anagona pa chiwongolero. Kondakitala anachinyamula ndi kamtengo n'kukachitaya kutchire, galu wina anathamangira, atafika anabwerera yekha. Ine ndinayesa kuseka nawo koma zinakanika. M'maganizo ndinaona amayi anga atakhala pakhonde akuyang'ana kunjira, ndipo misozi inangoyamba yokha. A Madamu atandifunsa, ndinafotokoza zonse, za usipa wouma, za mawu a bambo.

Mayi wa khanda uja anali akupukuta misozi, koma tsopano ya chiseko. Anati, "Akondakitala, pa galasi lakumanzerelo, chingwe chofiiracho n'changa. Tamasulanipo chimodzi, chachikulucho."

Ndinati, "Ayi, amayi, ine ndakuchititsani manyazi."

"Wandichititsa manyazi, inde, koma wayeretsa dzina la mwana wanga. Akanakula akutchedwa wonunkha. Tenga, ukawapatse mayi ako. Koma chikhale panja!"

Ndinagwada pamsewu pomwepo, ulendo uno mwadala. Ndinawapatsa mango onse amene ndinali nawo m'manja. Kondakitala anamanga chambo changa chatsopano pa galasi, ndipo pambali pake anamangapo chikwama changa ndi juzi yomwe, akuti sizilowanso m'galimoto yake. Ndiye tinakwera mapiri a Dedza choncho, chikwama cholembedwa TADALA FOMU 3 ndi zilembo zikuluzikulu chikuuluzika pakati pa nsomba, anthu a m'mbali mwa msewu akuwerenga.

Pa Nathenje tinapeza bambo akudikira ndi njinga, dzuwa lisanalowe. Ndinakwera pakaliyala, chambo ndachigwira pa luzi, ndachikweza m'mwamba ngati mbendera, fumbi kapena ayi. Amayi atachiona anaimirira, anachigwira ndi manja awiri, anachitembenuza, anachiyang'ana m'maso, kenaka analulutira mpaka anthu oyandikana nafe anabwera. Anati, "Ndiye chimakhala chonchi!" Anachiphika ndi tomato yekha kuti amve kukoma kwake kwenikweni, ndipo ine ndinawaphunzitsa kuti mutu satsala. Anaudya okha, sanagawireko munthu, ngakhale bambo.

Juzi tinaichapa kanayi. Chikwama chinagona padenga sabata yathunthu. Koma satifiketi, anzanga, satifiketi sachapa. Lolemba pa asembule ahedi anaikweza m'mwamba kuti sukulu yonse ione, anayamba bwino, "Mtsikana uyu watinyadiritsa," kenaka anaima, ananunkhiza, anaitalikitsa ndi dzanja n'kumaliza mawu awo mofulumira kuposa masiku onse.

Pano ili pakhoma pabalaza, bambo anaikhomera pamwamba pa wailesi, ili ndi banga lachikasu pakona. Ndipo tsiku lililonse mphaka wathu amabwera, amakhala pansi pake, n'kumaiyang'anitsitsa osaphethira, nthawi zina mpaka kulira. Alendo akafunsa, bambo amayankha nkhope ili gwa, "Musamusokoneze. M'nyumba muno amene amalemekeza kwambiri maphunziro ndi ameneyu."

Safunsa anadya phula, ine ndinauzidwa ndipo ndinadyabe. Kunyanja ndidzapitanso, mutu uja ndinadya. Koma ndikulumbira pamaso panu nonse, ndi pamaso pa khanda lija kulikonse kumene lili: juzi ndi ya munthu. Nsomba, ngakhale itandipempha ikunjenjemera, sindidzaifunditsanso!