Tsiku lomwe ndinabereka sipika

Mukamva anthu pa Chitakale akunditchula kuti "Make Sipika", musawafunse chifukwa. Bola ndikuuzeni ndekha.

Apongozi anga aakazi makutu anayamba kuwavuta. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, amatumiza mawu pafoni, koma iwo sankamva kanthu. Mkazi wanga anati, "Bambo, kaguleni sipika. Amayi akubwera Loweruka kudzamva mwana wawo."

Kwa wogulitsa ndinapeza masipika awiri. Ina yakale, yokalikakalika, yolira ngati munthu akuyankhulira mu ndowa. Inayo yonyezimira, mawu ake otsekemera ngati chinanazi cha kuno.

"Achimwene, tengani yakaleyi," anatero wogulitsayo. "Iyi ngakhale itagwera mumtsinje wa Ruo ingatuluke ikuyimba. Yokongolayi imadana ndi chinyezi."

Ine (munthu amene ndinawerengapo kabuku konse ka malangizo a wailesi, mpaka mbali ya Chipwitikizi) ndinamuphunzitsa za kuya kwa mawu. Anandiyang'ana mwachisoni, n'kundikulungira yonyezimirayo.

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Phiri losaoneka, makoma akuchita thukuta. Apongozi anakhala pamkeka, ine chapatali kukhomo monga mwa ulemu wake. Nditayatsa, sipika inatsokomola kawiri n'kukhala chete.

Ndinaiyika pafupi ndi mbaula. Inati, "Amayi, muli..." pulasitiki n'kuyamba kununkha. Ndinaifunditsa bulangete, mawu anatsamwa. Nditaikumbatira, inayankhula bwinobwino! Koma kungoitula pansi, zii.

"Ikufuna kutentha kwa munthu," anatero mkazi wanga, uku akumasula chitenje. "Weramani."

Anandimangirira sipikayo kumsana. Vuto linatsala limodzi: ndili kukhomo, apongozi sankamvabe. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, choncho ndinayenda chafutambuyo, n'kugwada, msana uli pakhutu pawo.

Mlamu wanga anayankhula nthawi yaitali kuchokera kumsana kwanga (sindinkadziwa kuti ali ndi nkhani zambiri chonchi). Sipika ikafuna kuzima ndinkadzigwedeza pang'ono ngati wotonthoza khanda. Apongozi ankangoyankha, "Eya mwanawe. Wanenepatu iwe, mawu akuchita kumveka!" Mlamu atanena kuti sabwera pa Khirisimasi, apongozi anaimenya sipika khofi, theka la khofilo n'kufikira ine.

Pomaliza anapukuta misozi n'kuuza mwana wawo wamkazi, osati ine ayi: "Uwauze amunakowa kuti amalera bwino. Ndizibwera Loweruka lililonse."

Pazenera panali amayi awiri oyandikana nafe. Dzina lija linabadwira pomwepo.

Sabata yatha ndinadutsa kwa wogulitsa uja. Yakale ija ikadalipo, imayimba pakhonde mvula ikuiwaza. Iye anangoti, "Mwana wadzuka bwanji, achimwene?"

Ndinatsala pang'ono kuigula. Koma abale inu, mukanamva mmene mawu a yangayi amatsikira mumsana! Ndinapitirira, n'kukagula chitenje changachanga.