Tsiku Lomwe Ndinakajambulitsa Mphaka

Nkhani iyi ndimafuna kufa nayo, koma poti Chilomoni yense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wakene. Chonde musaseke kwambiri.

Anti anga a Esnati, achemwali awo a bambo, ndi nesi. Chaka chatha anapeza ntchito ku Ireland. Tonse tinasangalala, mpaka pomwe ananena kuti akupita ndi Bisiketi.

Bisiketi ndi mphaka.

Mayi anaseka mpaka kukhala pansi. "Alamu, mphaka? Kwathu ku Nsanje mphaka ntchito yake ndi makoswe. Inu mukufuna kumukweza ndege?"

"Akapanda kupita ameneyu, nanenso sindipita," anatero anti, nkhope ili serious.

Ndiye panayambika chintchito. Bisiketi anabayidwa katemera wa chiwewe. Anamubayanso china chake pakhosi, ine n'kumati ndi katemera winanso. Anamutenga magazi kukayeza, kenako kudikira miyezi. Anamugulira kabokosi kake kokwerera ndege, ka chitseko cha waya. Chinatsala chimodzi: dokotala wa ziweto amuone komaliza n'kusayina chikalata, ulendo utayandikira. Appointment inali Lachisanu masana. Kuiphonya imeneyo, zonse zija zalowa m'madzi.

Tsono ine ndinali nditangoyamba Form One. Tinali titaphunzira kuti aliyense wodutsa malire a dziko amafunika chiphaso, ndipo chiphaso chimakhala ndi chithunzi. Komanso ndinali nditangojambulitsa cha ID ya kusukulu, ndiye nkhani za zithunzi ndinkadziona ngati katswiri.

Ndinayamba kudabwa. Katemera wabayidwa, magazi ayezedwa, nanga chithunzi? Palibe anajambula Bisiketi!

Mukuti bwanji sindinafunse? Ine kufunsa kumandivuta. M'kalasi ndikakweza dzanja, limatsika lokha. Ndinangoti mumtima: anti atanganidwa, aiwala. Ndiwachitira surprise.

Lachisanu lija sukulu inali itatsekera. Anti anapita m'tauni kukagula sutikesi, n'kundisiya pakhomo pawo. "Yamikani, usatsegule windo, Bisiketi asatuluke."

Windo sindinatsegule. Ndinatsegula chitseko.

Kabokosi kaja ndinaopa kukadetsa, ndiye ndinachita zomwe aliyense amachita: ndinamuika m'thumba la ufa. Mayi amati mphaka umamunyamula choncho kuti asaone njira.

Pofika pamsika thumba linali likulira lokha. Mayi wina wogulitsa tomato anandiimitsa.

"Mwana iwe, m'thumbamo muli chiyani?"

"Mphaka, mayi."

"Ukukamutaya?"

"Ayi, ndikukamujambulitsa."

"Mayo ine! Ana a masiku ano, kukhwima akadali ku pulayimale!"

"Ndili Form One, mayi," ndinatero mwaulemu, ngati vuto linali limenelo.

Studio yake ndi ya a Gift, kachipinda kopanikizika pakati pa barbershop ndi okonza mafoni.

"Passport size," ndinanong'ona.

"Khala pampandopo, mphwanga. Ukweze chibwano."

"Si ine ayi. Ndi uyu."

Ndinamasula thumba. Bisiketi anatulutsa mutu, ufa uli mbuu mpaka m'ndevu. A Gift anayang'ana mphaka, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso mphaka.

"Aise, dzuwa lakuwomba?"

"Akupita ku Ireland."

"Ireland! Ine zaka zonsezi ndikujambula anthu opita ku Joni, mwini wakene sindinadutsepo pa Mwanza. Lero mphaka Ireland!" Anapukusa mutu. "Chabwino, kasitomala ndi kasitomala. Koma malamulo ndi omwewo: makutu aoneke, asaseke, ayang'ane kutsogolo."

Kenako analoza jekete ndi tayi zomwe amabwereka anthu ofuna kuoneka mabwana. "Tayi timuveke?"

Abale, ndinaganizira kaye. Zoona, ndinaganizira!

Tinagwirizana kuti ine ndigwade kuseri kwa mpando, ndimukweze m'mwamba kutsogolo kwa nsalu yoyera, manja anga asaoneke. Bisiketi anali phee, ngati munthu wozolowera maofesi.

"Ready? One, two..."

Flash inati ng'anii!

Zomwe zinachitika kenako sindinazione bwino. Ndinangomva moto kumaso. Bisiketi anaponda pamphuno panga, anakwera nsalu ija n'kuigwetsa, anadumphira pa shelefu, n'kulowa pabowo la siling'i. Zii.

"Background yanga!" anakuwa a Gift.

"Ireland!" ndinakuwa ine.

Mphindi zochepa pakhomo panali patadzaza. Ometedwa ku barbershop anabwera mitu ili theka. Mayi wa tomato uja anali kutsogolo, akuuza aliyense kuti iye anaziona kale m'maso mwanga. Wina anati tiitane abusa. Wina anabweretsa usipa.

Ndinakwera pampando, usipa m'manja. "Pusi, pusi, pusi!"

M'mdimamo munangooneka maso awiri, akundiyang'ana monyoza. Bisiketi usipa sadya. Amadya za m'chitini.

Dzuwa linapendeka. Nthawi ya appointment inali ikutha. Miyezi yonse ija, majekeseni onse aja, ntchito ya anti, zonse zili mu siling'i ya a Gift chifukwa cha ine!

Kaya anawaimbira anti ndani, koma ndinangomva njinga yamoto yaima panja. Anthu anapatuka. Anti analowa, kabokosi kaja m'manja. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoima pansi pa bowo lija.

"Bisiketi, come to mummy."

Mphaka uja anatsika yekha, n'kulowa m'bokosi ngati akukwera minibasi yopanda anthu.

"Aaa, kani amamva Chingelezi!" anatero a Gift. "Nanga ife timvekere pusi pusi tsiku lonse!"

Anti anandigwira pamkono. "Nawenso tiye. Ndikakutsuke mabalawo tikamaliza."

Kwa dokotala tinafika akukonzekera kutseka. Anamuyeza Bisiketi, anamupukuta ufa, anasayina. Anti anapuma mpweya wautali. Apa m'pamene ine, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndinalimba mtima kufunsa funso.

"Adokotala, pepani... nanga chithunzi chake timata pati?"

Adokotala anatenga kamakina kangati remote, n'kukayendetsa pakhosi pa Bisiketi. Kanati tii! Panatuluka manambala.

"Chithunzi chake ndi chimenechi, mnyamata. Pansi pa khungu pali kachipangizo kakang'ono ngati kambewu ka mpunga. Kulikonse angapite, amudziwira pamenepa. Wakuuza za studio ndani?"

"Palibe," ndinayankha. "Ndinaganiza ndekha."

Anti anaseka mpaka kutsamira khoma.

Bisiketi anapita. Masiku ano anti amatumiza zithunzi pa WhatsApp: bwana ali pawindo, akuonera chipale chofewa, wanenepa ngati pilo.

Koma chithunzi cha a Gift chija chinatuluka. Mphaka mulibemo. Muli ine, kukamwa yasa, diso limodzi lotseka, mchira wa Bisiketi utadutsa pansi pa mphuno ngati ndevu. A Gift anachikulitsa n'kuchimata pabolodi ya panja, pamwamba pa zithunzi za maukwati. Akuti chikuitana makasitomala kuposa zonse. Ndikamadutsa, a barbershop amakuwa: "Ireland, boo? Makutu aoneke!"

Phunziro: funsani, abale. Manyazi a funso amatha tsiku lomwelo, koma a pabolodi ya studio amachita kuwaika lamineti.