Gitala Imene Ndinaimeta Mpala

Amene akuti ndine wabodza aimike dzanja, atchule dzina lake ndi mudzi wake, tionane maso ndi maso. Palibe? Chabwino. Ine ndinaphunzira ku mishoni masiku amene bodza limodzi linkakuzulitsa chitsa cha mbawa ndi manja, ndipo ndaphunzitsa ana ku Kaphuka mpaka choko chinandiyeretsa nsidze, choncho pakamwa panga sipadutsa mawu okhota. Inu kumbuyoko, chotsani manja m'thumba. Nkhani ya magitala awiri ija mwakhala mukuimva yopindika kumsika wa Mayani. Lero muimva kwa mwini wake.

Chaka chimenecho denga la nyumba yathu linali litatheratu. Udzu unawola kotero kuti mvula ikayamba, nkhuku zinkatuluka m'nyumba kukausa panja, ndipo achule ankabwera kudzaikira mazira m'nsapato zanga za Lamulungu. Akazi anga, aNaphiri, ananena kamodzi kokha kuti mvula ya chaka chimenecho ikawapezanso pansi pa udzu, ine ndinyamule mabuku anga ndizikagona m'kalasi. Ndinali mkamwini pamudzi pa eni. Mkamwini akauzidwa zotero sayankha ndi galamala.

Ndiye kunabwera mng'ono wanga Yohane kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anzake anabwera ndi njinga, mabulangete ndi mawailesi, iye anatsika basi ndi magitala awiri amagetsi ndi bokosi lokuzira mawu. Anati, "Achimwene, ndalama ndinadya, musandifunse. Koma awa ndi malata. Gulitsani imodzi mufolere alamu anga nyumba."

Magitalawo anali ngati mapasa a mimba imodzi, msinkhu umodzi, khosi limodzi, nsambo zofanana, dzina la fakitale lomwelo. Ina inali yakuda, ina yofiira. Yofiirayo inali ndi kachitsulo kogwedezera mawu kamene inzake inalibe, komanso kumutu kwake, kumene nsambo zimakulungidwa pa zikhomo zokungira, mapeto a nsambozo ankalendewera ataliatali, opotanapotana ngati tsitsi la munthu wosaopa boma. Yakuda inali yometa bwino. Ndinaona pomwepo kuti mwana wolongosoka ndi uti, koma mphunzitsi saweruza asanayese. Ndinabwereka batire ya lole yonyamula mbatata, ndinakhazika magitala onse pa benchi, n'kuwapatsa mayeso.

Yakuda inalira ngati mwana amene amayamba waodira asanalowe. Yohane anayesa kuikakamiza nyimbo za kumowa, koma chotuluka m'bokosi chinali nyimbo ya kwaya, mawu onse anayi, ndi Amen kumapeto, moti mbuzi zimene zinkadya zisononkho pabwalo zinagwada, ndipo mbala ina ya ku Mayani inabweza tambala amene inaba chaka chatha, atanenepa kale.

Kenaka ndinakhudza yofiira. Chala chimodzi, nsambo imodzi. Abale anga, nkhungu imene inali itakuta phiri la Dedza inadzipinda ngati mphasa n'kukadziimika kuseri, mbatata za kachewere za m'minda yonse ya Kaphuka zinalumpha m'mizere zokha n'kudzisankha, zazikulu thumba lake, zazing'ono thumba lake, zowola n'kudzitaya kudzala, zilombo za kudambwe zinatuluka masana popanda maliro kudzafunsa kuti wayamba gule osaziuza ndani, ndipo nditagwedeza kachitsulo kaja, msewu wopita ku Boma, umene kale unali wowongoka ngati rula, unapindika makona onse amene mumasanzira m'basi lero lino. Mukumva? Koma choipa kuposa zonsezi n'chakuti mwendo wanga wakumanzere, mwendo wobatizidwa, mwendo umene sunavinepo ngakhale pa ukwati wanga, unayamba kudumpha wokha pamaso pa apongozi anga aakazi, ndipo ndinachita kuukhalira kuti uleke, koma unkandinyamulabe, ine ndi taye wanga, kuzungulira nkhokwe.

Zotsatira za mayeso zinali zosavuta. Yakuda inakhoza. Yofiira inalephera khalidwe.

Phokosolo linafika ku Boma, ndipo m'mawa mwake kunabwera Lazalo, amene ankaimba ndi gulu lake m'nyumba ina ya mowa kumeneko. Ndinamuphunzitsapo Sitandade 3, zaka zingapo zotsatizana. Anali ndi malata otsala pomanga, amene mwini nyumba ya mowayo anamupatsa. Ndinamupatsa yakuda kuti aione, ndikuyamikira ulemu wake. Sanaiyang'ane n'komwe.

"Aphunzitsi, yakudayi ili paliponse. Ukaigula ndi ukwati wa ku tchalitchi, mpaka imfa, palibe adzakuombole. Yofiirayi ukaigula lero, mawa a ku Lilongwe akugwadira, mkuja a kutsidya kwa malire akubwera ndi ng'ombe. Pa yofiirayi ndikufolerani nyumba yonse ndi khonde lomwe. Pa yakudayi, mwina khola la nkhunda."

Ndinamuuza kuti dziko limene wamwano ali ndi mtengo woposa waulemu ndi dziko lopita kuchionongeko. Anati, "Inde aphunzitsi, koma malata ali kwa ine." ANaphiri anatsokomola kukhitchini. Ndinavomera. Tinapangana kuti abwera Loweruka ndi ngolo.

Tsono tamverani, chifukwa apa ndi pamene a kumsika amapotoza. Masiku amenewo lamulo la tsitsi linali lolimba. Mwamuna tsitsi likangokhudza kolala, ankamutsitsa m'basi n'kumumeta pompo anthu akuonerera. Ine lamulo limenelo ndinkalikonda kuposa amene analipanga. Pa sukulu yanga sipanatulukepo mwana wa tsitsi losapesa, ndiye m'nyumba mwanga mukanatuluka bwanji gitala ya manyenje otero, kukadutsa pa Boma, pamaso pa ma ofesi, anthu n'kumati yachokera kwa aphunzitsi? Ndinapita kwa mmisiri wokhoma ndowa, ndinabwereka sizasi yake yodulira malata, ndinaipana gitalayo pakati pa mawondo monga ndinkachitira ndi ana Lolemba m'mawa, ndipo ndinaimeta. Osati kuchepetsa chabe ayi. Ine ntchito ya theka sindiidziwa. Ndinadula mpaka pa chikhomo penipeni, mpala.

Kenaka nsambo zonse, posowa pogwira, zinasolotoka nthawi imodzi, yoyamba inadula nsonga za mitengo ya paini m'phiri monse n'kuisiya yofanana msinkhu ngati ana a pa mzere, yachiwiri inawoloka malire ndipo ndikumva kuti a kutsidyako akuyanikapo zovala mpaka lero, yachitatu inakola nkhwali zimene tinadya mpaka Khirisimasi, ziwiri sizinaonekenso, ndipo yotsiriza, yaing'ono kwambiri ija, inandimeta ine nsidze ya kumanja, ndi iyi, yang'anani, simeranso. Mukuona? Ndiye wina azinena kuti ndikupeka.

Sindinataye mtima. Nsambo za gitala sizinkapezeka m'sitolo iliyonse kuno, koma waya wa buleki ya njinga analipo. Ndinamasula njinga yanga, ya akatekisiti, ndi yakale ya Yohane iye ali kumunda. Ndinamanga mawayawo n'kuyamba kukunga. Gitala inadandaula. Ine mwana akadandaula ndimadziwa kuti chilango chayamba kugwira, choncho ndinakungabe. Inalira, ndinakungabe. Khosi lake linayamba kuwerama, ndipo ndinakondwa kuti tsopano yaphunzira kupereka ulemu kwa akulu. Linawerama, linawerama, mpaka mutu unagunda pamimba, ndipo linakhala choncho, ngati uta.

Loweruka Lazalo anafika ndi ngolo yodzaza malata, akunyezimira moti atambala a m'mudzi analiranso kachiwiri poyesa kwacha kawiri. Ndinamutulutsira gitala yake, yometa, yogwada, yofatsa. Anaitembenuza uku ndi uku. Anaikhudza, ndipo inangoti "mbuu" ngati ng'ombe ya chimfine.

"Aphunzitsi, mwaitani?"

"Ndailongosola."

"Ngati mmene munandilongosolera ine?"

Anakhala pansi n'kulira misozi yeniyeni. Atatha anatenga yakuda ija, imene ndinkafuna kusungira kwaya, natsitsa malata a khola la nkhunda aja, ena onse n'kubwerera nawo ku Boma. Ndikumva kuti kumeneko yakudayo inapitiriza khalidwe lake, moti oledzera ankatuluka m'nyumba ya mowa akulapa, ndipo mwini nyumbayo anamuchotsa Lazalo ntchito. Zimenezo sizikundikhudza.

ANaphiri anawayang'ana malatawo, anandiyang'ana ine, ndipo anaitana amisiri. Sanakweze mawu. Analoza chipinda chogona, analoza mbali ya kukhoma kumene amagona iwo, nati akhome pamenepo. Malata anakwana mbali yawoyo ndendende, n'kuthera pakati penipeni pa bedi. M'kalasi sanandithamangitsire, chifukwa mvula sinawapeze pansi pa udzu. Pangano linasungidwa.

Mvula ya chaka chimenecho inali yoti ngakhale abakha ankapempha ambulera. Mbali yawo kunkamveka nyimbo ya madontho pa malata, iwo ali mkonono. Mbali yanga ndinkagona chagada, mowongoka, nditavala jekete la mvula, beseni pachifuwa, ndipo likadzaza ndinkalitsanulira pawindo mosadzutsa munthu, mpaka bowa anamera pa pilo wanga, ife n'kumadyera nsima.

Mukuseka chiyani? Funsani aliyense wogula ndi kugulitsa magitala kuyambira Dedza mpaka Joni ngati anaonapo gitala yamwano itasiyiratu mwano. Onse amangoigulitsa ipite ikavute kwina. Amene anaiwongola ndine ndekha, ndipo mpaka lero ili pakhoma kwathu, sinayankhepo munthu. Wofuna kuigula abwere ndi malata a theka la bedi, tikambirane.